Mulekeni mwana atsirize yekha mawu ake

Pa wailesi ya m'dera kumene timathandizira ntchito, Loweruka m'mawa ndi nthawi ya ana. Amabwera ndi makolo awo kuchokera ku Kabwata ndi ku Chilenje, ena amachita kukwera mabasi awiri kuchokera ku Chelstone, kuti adzapereke moni kwa anzawo ndi kunena ndakatulo. Loweruka lina kunabwera mnyamata wa giredi 2 ndi ambuya ake, atavala shati yositidwa bwino. Nthawi yake itakwana tinamusendezera maikolofoni ndi kumuuza kuti atchule dzina lake. Milomo inagwirana. Anakankha, maso atatsinzina, chilembo choyamba chinatuluka kanayi koma dzina silinafike. Ana anzake anayamba kusekera m'manja. Mnzathu wa pa makina anachita zimene tonse tinaphunzitsidwa, zoti wailesi siyenera kukhala zii. Anatsitsa maikolofoni ndi kukweza nyimbo. Ife tinatchula dzina la mwanayo m'malo mwake, n'kupita kwa wotsatira.

Titatuluka tinapeza ambuya aja akutidikira pakhomo. Sanakalipe. Anati, "Ana anga, mdzukulu wangayu wakhala akuyeseza moni wake mlungu wonse. Mukanangomudikira pang'ono akanatsiriza. Kunyumba amatsiriza." Ife tinayankha kuti, "Pepani ambuya, nthawi ya pa wailesi ndi yochepa." Linali bodza. Mwanayo anafunika masekondi khumi chabe, ndipo nyimbo imene tinaika m'malo mwake inatha mphindi zinayi. Sanabwerenso.

Tayamba ndi kulakwa kwathu kuti pasakhale wonena kuti tikuloza ena chala. Chimene tifuna kukamba ndi ichi: chibwibwi chimamupeza mwana popanda wolakwa, koma manyazi amene amabwera pambuyo pake timamusenzetsa ndife akuluakulu. Mwana wa zaka zitatu amene wayamba chibwibwi amalankhulabe mosaopa, amakusimbirani nkhani ya galu wa kwa aneba mpaka kumapeto. Mukamuona pa zaka zisanu ndi zitatu wasanduka wakachetechete, dziwani kuti pakati apa pali anthu amene anamuphunzitsa kuti mawu ake ndi ochititsa manyazi. Anthu amenewo ali m'nyumba zathu, m'makalasi, m'mipingo, m'mabasi ndi pa wailesi.

Akatswiri a kalankhulidwe amagwirizana pa mfundo zingapo. Chibwibwi chimayamba kawirikawiri pakati pa zaka 2 ndi 5, pamene mwana akuphunzira kulumikiza mawu. Pa ana 100 alionse, pafupifupi 5 amadutsa m'nyengo imeneyi. Ambiri a iwo, atatu mwa anayi, chimawathera akamakula. Otsalawo amakula nacho, ndiye chifukwa chake padziko lonse munthu mmodzi pa anthu 100 ndi wachibwibwi, ndipo amuna amachuluka kuposa akazi katatu kapena kanayi. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni m'boma la Lusaka. Werengani nokha, mupeza kuti mumzinda muno muyenera kukhala anthu oposa 20,000 otere. Ngati simuwamva kawirikawiri, n'chifukwa chakuti anaphunzira kukhala chete pamene muli.

Gwero lake lili m'mene ubongo umayendetsera mpweya, lilime ndi milomo pa nthawi yolankhula. Mwana amadziwa bwino lomwe chimene afuna kunena, koma liwu limabwerezeka, kapena limakokeka, kapena limatsekeka pakhosi osatuluka. Nthawi zambiri chimayenda m'banja. Mu 2010 ofufuza a ku America otsogozedwa ndi Dennis Drayna anapeza majini ena okhudzana ndi chibwibwi atafufuza mabanja a ku Pakistan, ndipo pambuyo pake anapezanso ena m'banja lina lalikulu la ku Cameroon. Choncho mukafunsa bwino kumudzi, mwina mudzamva kuti amalume ena kapena agogo ena ankalankhula chimodzimodzi. Nzeru za mwana sizikhudzidwa ngakhale pang'ono.

Koma tamverani zimene timauzana. Ena amati amai ake anaseka wachibwibwi ali ndi pakati. Ena amati anatengera kwa mnzake wa pasukulu, ngati kuti ndi chimfine. Ena amati ndi mizimu, n'kumutengera kutsogolo kwa mpingo wonse kuti amukuwire m'makutu mpaka chiwanda chituluke, mwana akunjenjemera. Ena amafuna womudula kamnofu ka pansi pa lilime, chonsecho lilime logwirira ndi vuto lina, ndipo kudula sikuchotsa chibwibwi. Tisaganize kuti zimenezi ndi za m'komboni mokha. Kumayadi, ku Kabulonga ndi ku Woodlands, tamva makolo akunena kuti mwana wasokonezeka chifukwa wantchito amamulankhulitsa Chinyanja, ndipo amalamula kuti m'nyumba muzimveka Chizungu chokha. Ana a mu Lusaka amakula ndi Chinyanja, Chibemba ndi Chizungu pakamwa pamodzi, ndipo ambiri a iwo alibe chibwibwi. Kudziwa zinenero ziwiri sikuyambitsa chibwibwi. Chimene lamulo lotere limachita ndi kumulanda mwana chinenero chimene akanachezera ndi ambuya ake.

Pali chinthu china chimene chimatisokoneza akuluakulu. Mwana amene walephera kutchula dzina lake amaimba nyimbo ya fuko Lolemba m'mawa osaphonya liwu. Ku Sande sukulu akamanena vesi pamodzi ndi anzake, mawu amayenda bwino. Akamasewera yekha ndi galimoto yake ya mawaya amalankhula mosadodoma. Ndiye atate ake amati, "Waona? Umachitira dala iwe." Sachitira dala. Achibwibwi a m'maiko onse amatero, poimba ndi polankhula limodzi ndi ena chibwibwi chimachepa kapena kusowa. Chimasinthanso tsiku ndi tsiku, lero chochepa, mawa chochuluka, makamaka mwana akatopa, akasangalala kwambiri kapena akafulumizidwa. Kumenya mwana chifukwa dzulo analankhula bwino kuli ngati kumenya wa mphumu chifukwa dzulo anathamanga.

Ngakhale ife amene timati ndife achifundo timapweteka. Timati, "Pumira kaye." "Lankhula pang'onopang'ono." "Yambiranso." "Ganiza kaye usanakambe." Timayang'ana kumbali ngati taona wovula. Timamutsirizira mawu, ndipo nthawi zina timatsiriza molakwika, iye n'kungovomera kuti nkhani ithe. Pa zonsezi mwana amamva uthenga umodzi, woti tikumvetsera m'mene akulankhulira osati chimene akunena. Akamva uthengawo kambirimbiri amayamba kulimbana ndi mawu ake. Amaphethira, amagwedeza mutu, amaponda pansi kuti liwu lituluke. Kenako amaphunzira kuthawa. Mukamutuma pa kantemba kukagula shuga amabwera ndi china chimene anatha kutchula, n'kunena kuti shuga yatha. M'basi amapitirira siteshoni yake chifukwa akuopa kuti ba kondakitala amuyeserera pamaso pa anthu, ndiye amabwerera wapansi. M'kalasi amati, "Sindidziwa, ba ticha," yankho ali nalo. Pakutha kwa temu lipoti limati ndi wamanyazi ndipo satengako mbali.

Zimene mawu a akuluakulu amachita kwa mwana zinaoneka poyera mu 1939 ku Davenport, m'chigawo cha Iowa ku America. Wophunzira wina wa pa yunivesite, Mary Tudor, motsogozedwa ndi mphunzitsi wake Wendell Johnson, anachita kafukufuku pa ana amasiye 22. Ena mwa iwo, amene ankalankhula bwinobwino, anauzidwa kwa miyezi ingapo kuti ayamba chibwibwi ndipo asamalankhule pokhapokha ngati atha kulankhula molondola. Anawo sanasanduke achibwibwi enieni, koma anayamba kuopa kutsegula pakamwa, kulankhula kunachepa, ndipo ena anakula ndi chilondacho mpaka ukalamba. Yunivesite ya Iowa inapepesa mu 2001, ndipo mu 2007 boma la chigawocho linavomera kulipira madola 925,000. Kafukufuku ameneyu anthu amamutchula mpaka lero ngati chitsanzo cha nkhanza. Koma mawu amene ana aja anauzidwa ndi omwewo amene ana athu amamva kwaulere pa chakudya chamadzulo.

Tibwere kwa oseketsa. Sewero la pasukulu likafuna kuseketsa anthu limaika wachibwibwi. Timavidiyo ta pa Facebook ndi TikTok nato n'chimodzimodzi, ndipo timatumizirana pa WhatsApp ya banja mwana wathu wachibwibwi ali pomwepo. Tikadandaula amati ndi nthabwala chabe, a Zambia ndife anthu oseka. N'zoona, ndipo chimbuya cha Angoni ndi Abemba n'chimodzi mwa zinthu zokoma za dziko lino. Koma chimbuya chimakoma chifukwa amene wanyozedwa amabwezera pomwepo, onse n'kuseka. Mwana wachibwibwi mukamuyeserera abwezera ndi chiyani, pamene chida chobwezera ndi chomwecho mukumuseka nacho? Woseketsa amene alibe nthabwala ina koma kudodoma kwa mwana, nzeru zamuthera.

Tikudziwa chimene aphunzitsi atiyankhe, ndipo sitichipeputsa. Kuchokera pamene maphunziro aulere anayamba mu January 2022, makalasi a m'masukulu a boma anadzaza. Mphunzitsi amene ali ndi ana ochuluka kuposa madesiki, ndi silabasi yoti amalize, anganene kuti alibe nthawi yodikira mwana mmodzi. Ifenso tinanena zomwezo kwa ambuya aja. Koma tiwerengere pamodzi. Kudikira mwana kuti atsirize yankho kumatenga masekondi ochepa. Kutontholetsa kalasi imene yaphulika ndi phwete chifukwa mphunzitsi wamwetulira kapena wati "wotsatira" kumatenga nthawi yoposa pamenepo. Ana amayang'ana nkhope ya mphunzitsi kuti adziwe chololedwa. Mphunzitsi akadikira modekha, maso ali pa mwanayo, kalasi nayo imaphunzira kudikira. Ndipo iyi si nkhani ya chifundo chokha. Lamulo la maphunziro la 2011 limaletsa kumenya wophunzira ndiponso kumuchitira zomunyazitsa. Lamulo la ana la 2022 nalo limateteza ulemu wa mwana. Kuimiritsa mwana kutsogolo kuti abwereze liwu limodzi mpaka "alitchule bwino", anzake akuseka, ndi kunyazitsa kumene malamulowa akunena.

Ena amati dziko ndi lankhanza, ndiye ndi bwino mwana azolowere kusekedwa adakali wamng'ono kuti alimbe. Funsani akuluakulu achibwibwi ngati kusekedwa kunawalimbitsa. Amene timawadziwa ife amasimba za ntchito zimene sanafunsire poopa intaviyu, mafoni amene amangowayang'ana akulira, ndi misonkhano ya pamaliro kumene anasiyira ang'ono awo kulankhula. Amene analimba amatchula munthu mmodzi, amai, mlongo kapena mphunzitsi, amene ankawamvetsera mpaka kumapeto. Mwana amapirira kunja ngati ali ndi malo amodzi kumene mawu ake amalandiridwa m'mene alili.

Enanso amati musiyeni, chidzatha chokha. Kwa ambiri chimathadi, koma palibe kholo limene lingadziwiretu ngati mwana wake ali m'gulu la amene chidzawathere. Ngati chibwibwi chapitirira miyezi 6, ngati m'banja muli wina amene anakula nacho, ngati mwana wayamba kulimbana ndi mawu kapena kukana kulankhula, musadikire. M'mera mpoyamba. Nenani kwa anamwino pa sikelo kapena pa kiliniki ya kwanu, ndipo pemphani kalata yokaonana ndi katswiri wa kalankhulidwe, amene pa Chizungu amati speech therapist, ku chipatala chachikulu monga UTH. Thandizo limagwira bwino ntchito mwana asanayambe giredi 1. Njira ina yodziwika, ya Lidcombe, imene inayambira ku Sydney m'dziko la Australia, imaphunzitsa makolo kuthandiza mwana wosakwana zaka 6 kunyumba tsiku ndi tsiku, katswiri akuwayang'anira. Akatswiri otere ndi ochepa kwambiri m'Zambia, ndipo amene amalipiritsa sangafikiridwe ndi banja logulitsa tomato pamsika wa Kabwata. Pamenepa ndi pamene tiyenera kukweza mawu kwa a unduna wa zaumoyo ndi wa zamaphunziro. Tili ndi lamulo la anthu olumala la 2012, tili ndi ZAMISE muno mu Lusaka yophunzitsa aphunzitsi a ana ofunika thandizo lapadera. Tikupempha kuti mphunzitsi aliyense wa makalasi oyambirira ndi namwino aliyense wa pa sikelo azituluka m'koleji akudziwa chochita akakumana ndi mwana wachibwibwi.

Koma zambiri zimene mwana akufuna sizidikira unduna ndipo sizilira ngwee. Akamalankhula, siyani foni, muyang'aneni monga mumayang'anira wina aliyense, mudikireni atsirize. Yankhani chimene wanena. Akati ku sukulu kunabwera njoka, funsani za njokayo. M'malo momuuza kuti achepetse liwiro, chepetsani lanu, ndipo pumirani pang'ono musanamuyankhe. Musamuunjikire mafunso asanu nthawi imodzi. Pa chakudya ikani lamulo loti aliyense, kuyambira atate, amadikira mnzake atsirize, kuti lisaoneke ngati lamulo la iye yekha. Pezani mphindi zisanu pa tsiku zokhala naye awiriwiri, iye akutsogolera macheza. Ndipo chitchuleni dzina chinthucho. Kunamizira kuti simunaone kumamuphunzitsa kuti ndi choipa kwambiri moti ngakhale amai satha kuchikamba. Mutha kungoti, "Liwu lija linali lolimba eti, mwana wanga? Zimachitika. Ndamva zonse zimene wanena." Akulu ake ndi asuweni ake auzidwe momveka kuti m'nyumba muno sitiyesererana.

Kwa aphunzitsi, muitaneni mwanayo pambali mumufunse chimene chimamuthandiza. Ena amafuna kufunsidwa koyambirira, chifukwa kudikira mzere wautali kumawonjezera mantha. Ena amawerenga bwino akamawerenga awiri pamodzi. Musamuchotse pa zolankhula poganiza kuti mukumuteteza. Chaka chilichonse pa 22 October dziko lonse limakumbukira tsiku la chibwibwi, mwambo umene unayamba mu 1998. Kwa ife tsikuli limafika kutatsala masiku awiri kuti tikondwerere ufulu wathu pa 24 October, pamene masukulu ali kalikiliki kuyeseza ndakatulo ndi masewero. Onani amene amapatsidwa ntchito yonyamula mbendera kapena kukonza mipando chaka ndi chaka. Mufunseni ngati afuna mzere wake m'ndakatulo. Akafuna, mupatseni, ndipo uzani omvera kuti adikire.

Ana amafunanso kudziwa kuti sali okha. Auzeni za Mose, amene m'buku la Eksodo anadandaula za lilime lake koma anatumidwabe kwa Farao. Auzeni za Mfumu George VI ya ku Britain, imene inkalamulira dziko lino lidakali Northern Rhodesia. Inali ndi chibwibwi chachikulu, inathandizidwa ndi Lionel Logue, ndipo pa 3 September 1939 inalankhula pa wailesi kulengeza za nkhondo, ikupumira pakati pa mawu, popanda woikweza nyimbo. Auzeni kuti mawu a Mufasa mu filimu ya The Lion King ya 1994 ndi a James Earl Jones, amene ali mwana anakhala zaka zingapo osalankhula kwenikweni chifukwa cha manyazi a chibwibwi. Joe Biden anafika pa upulezidenti wa America akuvomereza poyera kuti anakula nacho. Koma tisamale posimba nkhanizi. Mwana sayenera kulonjeza kuti adzakhala pulezidenti kuti timumvetsere, ndipo sayenera kuyamba wasiya chibwibwi kuti tinyadire naye. Ena adzakhala nacho moyo wonse ndipo adzakhala makanika, anamwino, maloya ndi makolo abwino. Cholinga ndi choti mwana anene chimene afuna kunena, kwa amene afuna, pa nthawi imene afuna, kaya mawu adodoma kaya ayi.

Titsirize ndi ife a pa wailesi, popeza ndife tinayamba. Timanyadira kuti wailesi ya m'dera ndi mawu a anthu wamba, koma tinazolowera kusankha mawu osalala okha. Woimba foni akadodoma timati netiweki yavuta, n'kumudula. Tikajambula munthu wachibwibwi timadula kudodoma konse pa kompyuta mpaka amveke ngati munthu wina, osamufunsa n'komwe. Zotsatira zake n'zakuti mwana wachibwibwi wa mu Lusaka akhoza kukula osamvapo munthu wolankhula ngati iye pa wailesi, kupatula pamene akusekedwa m'sewero. Pambuyo pa Loweruka lija tinakhala pansi n'kugwirizana zinthu zitatu. Pa pulogilamu ya ana, nyimbo siikwezedwa mwana asanatsirize. Tisanayambe timauza ana onse kuti pano aliyense amalankhula m'njira yake ndipo timadikirana. Sewero loyeserera wachibwibwi silidutsa pa maikolofoni athu, ngakhale litabwera ndi wolipira. Tikupempha anzathu a mawailesi ena, aang'ono ndi aakulu, kuti achite chimodzimodzi. Masekondi khumi a zii sanaphepo wailesi.

Mnyamata uja tsopano ayenera kuti ali giredi 4. Sitidziwa ngati amakwezabe dzanja m'kalasi. Ambuya, ngati wina angakuwerengereni nkhaniyi, tikupepesa, munanena zoona ndipo ife tinanama. Mubwere nayenso mdzukulu wanu Loweruka lililonse limene angafune. Moni wake uja sitinaumve, ndipo tidzadikira mpaka autsirize yekha.